Mbiri ya Ntchito Yophunzitsa Chingerezi Chozama kwa Anthu Oyankhula Chisipanishi

Ntchito yolemba mabuku olumikiza Chingerezi ndi Chisipanishi inayamba m'zaka za m'ma 1500, ndipo poyamba mabukuwo ankalembera Angerezi ofuna kudziwa Chisipanishi. Nthawi imeneyo mwini mphamvu anali Spain. Siliva wa ku Mexico ndi ku Peru ankatsikira pa doko la Sevilla, ndipo wamalonda wa kumeneko analibe chifukwa chodzivutitsira ndi chiyankhulo cha anthu a pachilumba chakumpoto. Timabuku tiwiri toyamba todziwika tinasindikizidwa ku London cha m'ma 1554, chaka chimene Philip wa ku Spain anakwatira Mfumukazi Mary ya ku England. Tinali timabuku ta mawu ndi ziganizo zapaulendo, zofunsira njira, zogulira malonda ndi zopatsirana moni.

Mtanthauziramawu weniweni anabadwa chifukwa cha nkhondo. Patangopita zaka zitatu zombo za Spanish Armada zitagonja mu 1588, Richard Percyvall anatulutsa Bibliotheca Hispanica mu 1591. Mawu ambiri anawatapa m'mabuku a Antonio de Nebrija, yemwe analemba galamala yoyamba ya Chisipanishi mu 1492, ndipo pena ankafunsa akuluakulu a nkhondo a ku Spain amene anali akaidi ku England. John Minsheu anakulitsa bukulo mu 1599, n'kuwonjezamo gawo loyambira ku Chingerezi komanso zokambirana zoyeserera. Mu 1706 John Stevens anatulutsa mtanthauziramawu wake wodzaza ndi miyambi ya Chisipanishi. Alembi a nthawiyo ankaona miyambi ngati chizindikiro cha munthu wodziwadi chiyankhulo, motero ankaitolera mwakhama. Aneni ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku, amene amasautsa wophunzira kuposa mwambi uliwonse, sankawapatsa malo awoawo.

Pedro Pineda, mphunzitsi wa Chisipanishi mu London, anatulutsa mtanthauziramawu wake mu 1740. M'matanthauzo ena anathiramo mawu onyoza tchalitchi cha Katolika, ndipo bwalo la tchalitchi la Inquisition linaletsa bukulo ku Spain, kotero kuti anthu amene likanawathandiza kwambiri sanalione. Mu 1778 kunatuluka buku la Giuseppe Baretti, Mtaliyana amene anali bwenzi la Samuel Johnson. Johnson ndiye anali atatchula kale vuto lenileni m'mawu oyamba a mtanthauziramawu wake wa 1755. Iye anaona kuti Chingerezi chili ndi khalidwe lophatikiza mneni ndi kaliwu kakang'ono kotsatira, ndipo tanthauzo lotulukapo limapita kutali kwambiri ndi la mawu awiriwo, moti mlendo sangalilote ngakhale atakhala wanzeru bwanji. Anavomera kuti apa ndi pamene alendo amapunthwa kwambiri, koma dzina la aneni amenewa linali lisanapezeke.

Chifukwa chimene vutoli limakulira kwa munthu wa Chisipanishi chili m'mbiri ya Chingerezi chenichenicho. Anormani atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu kwa zaka mazana angapo, ndipo Chilatini chinali cha tchalitchi ndi maphunziro. Chingerezi chinatsala ndi magulu awiri a mawu. Gulu lina ndi la mawu aafupi akale, a kukhitchini ndi kumsika. Lina ndi la mawu aatali ochokera ku Chilatini, a m'mabuku ndi m'maofesi. Chisipanishi nacho ndi mwana wa Chilatini. Ndiye mawu amene mwana wa ku Manchester amawaona kuti ndi apamwamba, mwana wa ku Bogotá amawadziwa kuchokera kunyumba. Tolerate ndi tolerar, postpone ndi posponer, discover ndi descubrir. Wophunzira wa ku Madrid akhoza kuwerenga nkhani ya zachuma m'nyuzipepala ya ku London n'kumva zambiri, koma n'kusowa chogwira pamene woyendetsa basi wamuuza mawu atatu. Mngerezi akamacheza sanena tolerate, amati put up with. Sanena postpone, amati put off. Ndipo put off yemweyo amatanthauzanso kugwetsa munthu ulesi kapena kumunyansa, komanso amang'ambika pakati akakumana ndi mlowam'malo, n'kukhala put it off. Take off ndi kuvula chovala, ndi kunyamuka kwa ndege, ndiponso ndi kuyamba kuyenda bwino kwa bizinesi. Amene waloweza tanthauzo limodzi amakhala kuti sanayambe n'komwe.

Palinso kusiyana kozama kuposa apa, kumene katswiri wa ziyankhulo Leonard Talmy anakufotokoza mu 1985. Chisipanishi chimaika kolowera mkati mwa mneni: entrar, salir, subir, bajar. Chingerezi chimakonda kusiya mneni kuti anene kayendedwe, n'kupereka kolowera kwa kaliwu kotsatira: in, out, up, down. Mngerezi amati he ran out, pamene Msipanishi amati salió corriendo, kunena kuti anatuluka akuthamanga. Wowerenga Chichewa aona msanga kuti pa mfundo imeneyi chiyankhulo chake chili mbali ya Chisipanishi, pakuti kulowa, kutuluka, kukwera ndi kutsika ndi aneni osenza okha kolowera. Choncho wophunzira sangosintha mawu. Amayenera kuzolowera kuyala chiganizo mwa njira ina, ndipo chizolowezi chimenechi sichibwera ndi mndandanda wa mawu.

Ku Spain kwenikweniko Chingerezi chinalowa mochedwa. M'zaka za m'ma 1700 mafumu a banja la Bourbon anali ndi magazi a ku France, ndipo munthu wophunzira ankayenera kudziwa Chifalansa. Galamala ya Chingerezi ya Joaquín de San Pedro inatuluka ku Madrid mu 1769. Wansembe wa ku Ireland wa chipani cha Dominiko, Thomas Connelly, anatulutsa ina mu 1784, kenaka pamodzi ndi Thomas Higgins anasindikiza mtanthauziramawu wa mavoliyumu anayi mu 1797 ndi 1798, woyamba wa mtundu wake kusindikizidwa m'dzikolo. Ofuna Chingerezi anali amalinyero, amalonda ndi akatswiri a migodi. Sukulu imene Gaspar Melchor de Jovellanos anatsegula ku Gijón mu 1794, yophunzitsa zoyendetsa zombo ndi za miyala ya pansi, inaika Chingerezi pambali pa Chifalansa chifukwa mabuku a luso limeneli ankachokera ku Britain.

Ndale zinathandizanso mwa njira yosayembekezeka. Mfumu Ferdinand VII atabwezeretsa ulamuliro wake wankhanza mu 1823, anthu ambiri ophunzira anathawira ku London n'kukadzazana m'dera la Somers Town. Anafika opanda ndalama, ndipo chogulitsa chimene anali nacho chinali chiyankhulo. Ena anakhala aphunzitsi, ena omasulira. José de Urcullu analemba galamala ya Chingerezi imene Rudolph Ackermann anasindikiza mu 1825, ndipo msika wake unali m'mayiko a ku Latin America amene anali atangolandira ufulu ndipo anali kuchita malonda ndi kukongola ndalama ku London. Dokotala Mateo Seoane, wothawa mnzawo, anakonzanso mtanthauziramawu wa Neuman ndi Baretti mu 1831. Anthu amenewa anali oyamba kulemba mochuluka ali mbali ya wophunzira, atalawa okha kuwawa kokhala pakati pa Angerezi osamva zimene akunena pamsika.

Kenaka likulu la ntchitoyi linasamukira ku New York. Mariano Velázquez de la Cadena, wobadwira ku Mexico City mu 1778 ndipo mphunzitsi pa Columbia College, anatulutsa mtanthauziramawu wosonyezanso katchulidwe mu 1852 kudzera ku kampani ya Appleton. Bukulo linakhazikika kwambiri moti dzina la Velázquez likugulitsabe mabuku mpaka lero. Arturo Cuyás, wa ku Barcelona, anatulutsa lina ku Appleton komweko mu 1903. M'makalasi munkalamulira njira ya Ollendorff, ya mafunso ndi mayankho obwerezabwereza omasulira uku ndi uku, imene Eduardo Benot anaisinthira Asipanishi ophunzira Chingerezi ku Cádiz. Njirayi inkaumba ophunzira odziwa malamulo koma oyankhula ziganizo zimene palibe Mngerezi ananenapo. Ku Puerto Rico, kumene United States inalanda mu 1898, boma linayesa kwa zaka pafupifupi 50 kuphunzitsa ana m'Chingerezi, malamulo akusinthasintha, mpaka mu 1949 pamene Chisipanishi chinabwezeretsedwa kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za boma, Chingerezi n'kutsala ngati phunziro.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900 uphunzitsi wa Chingerezi unasanduka ntchito ya mabungwe. Buenos Aires inatsegula sukulu ya aphunzitsi a ziyankhulo ya Lenguas Vivas mu 1904, ndipo Madrid inatsegula Escuela Central de Idiomas mu 1911. Asociación Argentina de Cultura Inglesa inayamba mu 1927. British Council, yokhazikitsidwa mu 1934, inatsegula ofesi ndi sukulu ku Madrid mu 1940 motsogozedwa ndi Walter Starkie, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, pamene Britain inkafuna kuti Spain asagwe m'manja mwa Germany. Mayeso nawo anabwera. Certificate of Proficiency in English ya ku Cambridge inalembedwa koyamba mu 1913, ndipo inatenga maola 12. Olemba anali atatu, ndipo palibe anakhoza. Mayesowo ankafuna kumasulira, mabuku a alembi otchuka ndi sayansi ya katchulidwe, zimene zikusonyeza chimene anthu ankati Chingerezi chozama nthawi imeneyo.

Dzina lakuti phrasal verb linafala kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la Words and Idioms la 1925, ndipo Smith ananena kuti analimva kwa Henry Bradley, mmodzi wa akonzi a Oxford English Dictionary. Patapita zaka zisanu C. K. Ogden analengeza Basic English, Chingerezi chofupikitsidwa cha mawu 850 okha chimene ankafuna kuti chikhale cha dziko lonse. Kuti mawu achepe chomwecho, Ogden anasiya aneni 18 basi, monga come, get, give, go, put ndi take, ndipo ena onse anayenera kupangidwa pophatikiza amenewa ndi timawu totsatira. Kwa Mngerezi nzeruyi inkaoneka yofewetsa zinthu. Kwa munthu wa ku Lima inali yochotsa mawu amene ankawadziwa kale n'kumusiyira okhawo omuzunguza mutu. Apa m'pamene panaonekera poyera kuti mawu osavuta ndi mawu ovuta amadalira kumene wophunzira akuchokera.

Thandizo lalikulu linachokera ku Japan. Ku Tokyo, Harold Palmer ndi A. S. Hornby ankafufuza mawu oyendera limodzi, amene ayenera kuphunziridwa ngati chinthu chimodzi, ndipo lipoti lawo la nkhaniyi linatuluka mu 1933. Mu 1942 Hornby ndi anzake awiri anatulutsa Idiomatic and Syntactic English Dictionary, imene Oxford University Press inasindikizanso mu 1948 ndipo pambuyo pake inadzatchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary. Bukuli linali lachilendo chifukwa silinkamasulira. Linkafotokoza Chingerezi m'Chingerezi chosavuta, n'kusonyeza mmene mneni aliyense amakhalira m'chiganizo. Aphunzitsi a ku Latin America ndi ku Spain analitenga ngati mlatho wochotsera wophunzira pa mtanthauziramawu wa ziyankhulo ziwiri, ndipo kwa zaka zambiri kugula bukuli kunali chizindikiro chakuti munthu wafika kalasi yapamwamba.

Ku United States chidwi chinalunjika kwa oyankhula Chisipanishi enieniwo. Charles Fries anayambitsa English Language Institute pa University of Michigan mu 1941, ndipo ophunzira ake oyamba anali ambiri a ku Latin America, panthawi imene boma la Pulezidenti Roosevelt linkafuna ubwenzi ndi mayiko akumwera. Wolowa m'malo mwake, Robert Lado, anabadwira ku Tampa kwa makolo ochokera ku Spain, anakulira ku Spain, ndipo Chingerezi anachiphunzira atakula. M'buku lake la Linguistics Across Cultures la 1957 ananena kuti mphunzitsi ayenera kuyerekeza ziyankhulo ziwirizo kuti adziwiretu pamene wophunzira adzapunthwe. Akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti si zolakwa zonse zimachokera ku chiyankhulo cha kwawo, koma pa nkhani ya mawu mfundo ya Lado inaimabe. Iye anaika aneni a mawu awiri m'gulu la zovuta, ndipo anachenjeza za mawu ofanana nkhope koma osiyana tanthauzo, amene Afalansa awiri, Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny, anali atawatcha abwenzi onyenga mu 1928. Mwayi wa Chilatini uja uli ndi misampha yake. Embarazada ndi mayi woyembekezera, pamene embarrassed ndi wochita manyazi. Librería ndi sitolo ya mabuku, library ndi kobwereka mabuku. Actual m'Chisipanishi ndi chinthu cha masiku ano, m'Chingerezi ndi chenicheni. Constipado ndi wodwala chimfine, koma akanena constipated kwa dokotala wa ku London alandira mankhwala a m'mimba.

Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ndi pamene zining'a ndi aneni ophatikizawa anapeza mabuku awoawo. Colin Smith wa ku Cambridge anatulutsa mtanthauziramawu wa Collins wa Chisipanishi ndi Chingerezi mu 1971, wokhala ndi mawu ambiri a pamsewu ndi ziganizo zathunthu. A. P. Cowie ndi Ronald Mackin anatulutsa voliyumu yoyamba ya Oxford Dictionary of Current Idiomatic English mu 1975, yonse ya aneni ndi timawu tawo, ndipo yachiwiri, ya zining'a zina, inatsatira mu 1983, chaka chimene Rosemary Courtney anatulutsanso Longman Dictionary of Phrasal Verbs. Ku Birmingham, John Sinclair ndi gulu lake anasonkhanitsa pa kompyuta mawu pafupifupi 20 miliyoni a Chingerezi cholembedwa ndi choyankhulidwa, ndipo mtanthauziramawu wa COBUILD wa 1987 unatenga zitsanzo zake m'nkhokwe imeneyi m'malo mozipeka. Nkhokweyo inasonyeza zimene alembi akale sakanaona ndi maso. Mawu ofala kwambiri nthawi zambiri sasenza tanthauzo paokha, amalipeza kwa mawu oyandikana nawo. Inasonyezanso kuti zining'a zokometsera, monga ya mvula ya amphaka ndi agalu imene mabuku onse ankaikonda, Angerezi enieni saziyankhula kawirikawiri.

Ofufuza anapezanso khalidwe lina la ophunzira. Mu 1985 Menachem Dagut ndi Batia Laufer anasonyeza kuti ophunzira oyankhula Chiheberi, chimene chilibe aneni otere, ankangowazemba n'kusankha mneni wa liwu limodzi. Kwa oyankhula Chisipanishi kuzembako n'kosavuta kwambiri, popeza liwu la Chilatini limakhala lili pafupi nthawi zonse. Mphunzitsi sapeza cholakwa choti adule ndi cholembera chofiira, komabe Chingerezicho chimamveka chowuma, ngati cha kalata ya loya pamacheza a pamowa. Okonza mayeso anatseka njira yozemberayi ndi mtundu wa funso limene limapereka chiganizo ndi liwu limodzi, n'kulamula kuti chilembedwenso pogwiritsa ntchito liwulo osalisintha. Akapatsidwa chiganizo chokhala ndi cancelled ndi liwu lakuti called, wophunzira ayenera kutulutsa called off, afune asafune.

Ku Spain, Chingerezi chinalanda malo a Chifalansa m'sukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Lamulo la maphunziro la 1990 linaika chiyankhulo chachilendo kuyambira ana a zaka 8, mgwirizano wa unduna wa maphunziro ndi British Council wa 1996 unayambitsa sukulu za boma za ziyankhulo ziwiri, ndipo chigawo cha Madrid chinayamba pulogalamu yake mu 2004. Cambridge inabweretsa Certificate in Advanced English mu 1991, ndipo Council of Europe itakhazikitsa magawo asanu ndi limodzi a luso la chiyankhulo mu 2001, gawo la C1 linasanduka chofunika pa ntchito zambiri, makamaka uphunzitsi m'sukulu za ziyankhulo ziwiri. Masukulu a madzulo okonzekeretsa mayeso anachuluka m'mizinda yonse. Asipanishi anaphunziranso kudziseka. Buku la nthabwala la Ignacio Ochoa ndi Federico López Socasau la 1995, From Lost to the River, linangomasulira zining'a za Chisipanishi liwu ndi liwu, ndipo linagulidwa kwambiri chifukwa aliyense ankadziona m'menemo. Zining'a za ziyankhulo ziwirizi zimafanana cholinga koma zimasiyana chiwalo. Mngerezi wopusitsa mnzake mwanthabwala amamukoka mwendo, Msipanishi amamutenga tsitsi. Chinthu chodula kwambiri chimadya mkono ndi mwendo wa Mngerezi, koma kwa Msipanishi chimadya diso.

Kuwerengera kwa pa kompyuta kwachepetsa katundu wa wophunzira. Mndandanda wa Averil Coxhead wa 2000 uli ndi mabanja 570 a mawu ofala m'mabuku a kuyunivesite, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ndi ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, choncho woyankhula Chisipanishi amayamba ali kale patsogolo. Pa aneni ophatikiza, Dee Gardner ndi Mark Davies anapeza mu 2007, pofufuza nkhokwe ya mawu ya British National Corpus, kuti aneni 100 okha amapanga kuposa theka la nthawi zonse zimene aneni otere amapezeka, ngakhale kuti, tikawerengera pakatikati, aliyense ali ndi matanthauzo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mu 2015 Mélodie Garnier ndi Norbert Schmitt anatulutsa mndandanda wa aneni 150 wosonyeza matanthauzo ofala kwambiri a aliyense. Mabuku akale ankasanja aneniwa motsata alifabeti, wophunzira n'kuloweza get onse tsiku limodzi n'kuwasokoneza mawa lake. Mabuku atsopano amawagawa potsata nkhani, monga za ndalama kapena za maulendo, kapena potsata kaliwu kotsatirako, poona kuti up nthawi zambiri amasonyeza kumaliza, monga mu eat up ndi use up.

Mtanthauziramawu wa pepala nawo wasiyira malo intaneti. WordReference, yoyambitsidwa ndi Michael Kellogg mu 1999, inakhala pofikira ophunzira ambiri a ziyankhulo ziwirizi, ndipo Duolingo, imene mmodzi wa oiyambitsa ndi Luis von Ahn wa ku Guatemala, inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2012. Ku United States, kumene anthu oposa 40 miliyoni amayankhula Chisipanishi pakhomo, aneni ophatikizawa ayamba kuwolokera tsidya lina. Ku New York, ku Miami ndi ku Texas anthu ambiri amati llamar para atrás ponena za kuimbiranso munthu amene anaimba foni, potsata call back, ndipo akatswiri a chiyankhulo amatsutsanabe ngati kayankhulidweka n'kobwereka ku Chingerezi kapena n'kutambasuka chabe kwa tanthauzo limene para atrás anali nalo kale m'Chisipanishi.